Zipupa za chionetsero zoti tizimanga n'kumasula tokha, tipange bwanji?

Wosoka wa ku Chinamwali:
Anzanga ndithandizeni nzeru. Gulu lathu la ojambula ndi osoka timachita zionetsero muholo kuno ku Zomba, ndiye nthawi zonse timaitana kalipentala kudzakhoma zipupa za pulayiwudi zopachikapo zithunzi, zikatha timazula ndi hamala, matabwa ena amang'ambika ena amathera kunkhuni. Ndalama zikungopita. Tikufuna zoti tizimanga tokha, kumasula, kukweza pa pikapu n'kukasunga. Amene munapangapo mumatani?

Mmisiri wa ku Matawale:
Achemwali, misomaliyo isiyeni kaye. Pulayiwudi imabwera mamilimita 2440 ndi 1220, ija timati 8 by 4, ndiye pangani felemu ya paini ya 2 by 2 mumate pulayiwudi ya 6mm uku ndi uku, imapepuka anthu awiri anyamula osatuluka thukuta. Polumikiza gulani mahinjesi aja ochotsa pini, theka lina mumange kumanzere kwa bolodi theka lina kumanja. Koma nkhani yonse yagona pa muyezo. Kalipentala wanu ayambe wadula thabwa limodzi loyezera, alembepo pokhala mahinjesi atatu, pamwamba pakati ndi pansi, ndiye bolodi ILIYONSE aziyezera thabwa lomwelo osati tepi, chifukwa akangophonya mamilimita 3 pini siilowa, mudzapezeka kuti bolodi iyi imangolola inzake imodzi yokha ndipo tsiku lomanga mudzakhala mukuzitembenuza mpaka alendo kufika. Zikafanana zonse mungotola iliyonse n'kulowetsa pini basi.

Mphunzitsi wa ku Sadzi:
Kuwonjezera apo, osaziimika mzere umodzi wowongoka, zimagwa mwana akangotsamira. Muziika mokhotakhota kapena ngati L ndi T, zimagwirana zokha osafuna miyendo. Komanso ine ndikadadula zikhale mamita 2, zitseko zambiri msinkhu wake ndi womwewo ndiye ya 2440 ija mumachita kuigoneka polowa, makona n'kumaphwanyika. Zotsala za 440 mupangire timabokosi toikapo ziboliboli. Chithunzi pakati pake pazikhala cha m'ma mita 1.5 kuchoka pansi, anthu aziona osakweza khosi.

Wowotcherera wa ku Mpondabwino:
Aaa inu a matabwa nanunso kkkk. Zomba ino ndi mvula yakeyi paini akapanda kuuma bwino amapindika, muyezo wanu uja n'kuthera pomwepo. Ine ndingawotcherere felemu ya square tube, paipi yachitsulo ija ya makona anayi, ya 25mm, mkati muzikoka chiguduli, nsalu yoyera olo mphasa. Anzathu akunja amagwiritsa aluminiyamu, ngati zija za kampani ya Octanorm ya ku Germany, mzati wake uli ndi mipata 8 yolowetsamo bolodi mbali iliyonse, koma ndi forex ya masiku anoyi iwalani.

Mmisiri wa ku Matawale:
Achimwene pa paini wamuwisi mwanena zoona, agule wouma ndipo apake vanishi m'mbali monse makamaka kunsi. Koma chithunzi cha galasi muchipachika bwanji pa chiguduli? Chitsulo chanucho n'chabwino kwa osoka opachika zitenje, ojambula akufuna polowa sikuluwu. Chomwe ndikukaniza ine ndi MDF, bolodi ija ya utuchi wopanikiza, imaoneka yosalala mushopu koma n'yolemera ndipo ikangomwa chinyontho imafufuma ngati mandasi. Posunga zipupazo muzigoneke pamalo ofanana, pansi muike timatabwa zisakhudze simenti, muziyenderako kuona chiswe.

Wosoka wa ku Chinamwali:
Zikomo nonse, ndikuona tisakaniza, za pulayiwudi za ojambula ndi zachitsulo zochepa zathu ife a nsalu. Nanga zingalumikizane pamodzi?

Wowotcherera wa ku Mpondabwino:
Zitheka bola mahinjesi akhale mtundu umodzi ndipo thabwa loyezera lija mundibweretsere ndiyezere lomwelo. Mapini mugule opitirira, ana a masiku ano amatola chilichonse chonyezimira.