Chikwama chobereka cha K95,000 chokwera nacho ndege: ndigule?

Nabanda wa ku 47:
Abale ndithandizeni nzeru. Mwezi wamawa akuntchito akunditumiza ku Johannesburg, ndipo ndege sindinakwerepo. Ndaona chikwama chobereka mushopu ina mutawuni muno, chotseguka ngati sutikesi, cha thumba la laputopu, akuti K95,000. Ndikufuna choti ndilowe nacho mundege momwemo, osati chopita kunsi kwa ndege kumene amaika katundu. Ndigule?

Che Jafali:
Musayerekeze achemwali. Ine ndinagula kwa mnyamata wina wa pa Facebook, ati "orijino ya ku UK", K70,000 yonse. Ndili pamzere pa bwalo la ndege la KIA zipi inangoti phwaa, makabudula amkati mbwee pansi, azimayi akuona. Pomuimbira foni anali atandibuloka kale. Mpaka lero ndikamuona pa Bwalo la Njobvu tidzakambirana bwino.

Bwana Kamanga:
Vuto lanu mumakonda zotchipa. Ine changa ndi Osprey Farpoint cha malita 40, ndinagula ku London. Chayenda Addis Ababa, Dubai, Nairobi, ulusi ndi umodzi womwe sunathothoke.

Aphiri a ku Kawale:
Bwana, mayiwa afunsa za chikwama, sanapemphe kuona pasipoti yanu 😂

Mai a Tadala:
K95,000 chikwama?? Koma ndalama zikukuyabwani. Pitani ku Tsoka m'mawa akamamasula mabelo, changa ndinatola pa K18,000 ndipo nchamphamvu kuposa za m'mashopuzi. Muyang'ane zipi, ikalembedwa YKK ndiye yabwino. Mukoke zingwe zoberekera mwamphamvu, wogulitsa akakwiya musiyeni akwiye. Pakang'ambika pang'ono telala ali pompo.

Che Jafali:
K18,000 inali ya liti mayi? Sabata yathayi anandiuza K40,000, chothimbirira kale. Kaunjika anasiya kukhala wa amphawi.

Mai a Tadala:
Munapita mutavala tayi kapena? Amaona nkhope.

Nachisale:
Nonse mukulimbana ndi mtengo koma chimene chimagwetsa anthu pa kauntala ndi sikelo. A ndege za Ethiopian Airlines amalola 7kg mu economy, kukula kwake pafupifupi 55 x 40 x 23 cm. South African Airways ndi 8kg. Ndiye musanalipire, chinyamuleni chili chopanda kanthu. Zina zimalemera 2kg pazokha, makamaka zija za matayala ndi chogwirira chachitsulo. Muikemo laputopu ndi chaja yake, mwatsala ndi malo a madiresi awiri basi. Komanso mukakwera ndege yaing'ono ija ya Q400, mashelefu ake am'mwamba ndi opanikiza, chikwama chotupa amakulandani pamasitepe n'kukakupatsani potsika. Choncho laputopu, pasipoti ndi mankhwala zikhale poti mutha kuzisolola msanga. Power bank isapite kunsi, iyenera kukhala ndi inu. Zamadzimadzi botolo lisapose 100ml.

Bwana Kamanga:
Ndi 10kg. Ndipo ine sanandiyezepo.

Nachisale:
Ndi 7 bambo. Werengani pa tikiti yanu.

Aphiri a ku Kawale:
Ndiye kuti Nali wanga sangalowe? Ku Joni nsima ya ufa wawo uja popanda Nali ndimadwala ine.

Nachisale:
Botolo lalikulu likatsala pa sekyuriti. Liikeni m'chikwama chopita kunsi.

Gogo Chatsika:
Ana inu. Ife tinkapita ku Joni pa basi, kudzera pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, katundu yense mu shangani, ufa ndi nyemba zomwe. Palibe anatifunsa masentimita.

Aphiri a ku Kawale:
Agogo, shangani mundege ayi, mutichititsa manyazi 😂 Achemwali, mukafuna kuyeza musapite pa sikelo ya mavenda ogula soya. Ija 9kg imaonetsa 7, mukalira pa Lumbadzi.

Nabanda wa ku 47:
Ndafunsa, akuti chopanda kanthu chikulemera 1.4kg, kutalika 52 cm. Atsitsa kufika K88,000.

Mai a Tadala:
Akatsitsa msanga choncho ndiye kuti ncha K50,000.

Bwana Kamanga:
K88,000 ndi yochepa, sichingakhale cholimba.

Che Jafali:
Kokani zipi kakhumi pamaso pawo, ndipo risiti mutenge. Ine ndanena.

Mlamu wa Nabanda:
Mlamu, bwanji osangobwereka changa chija? Ulendo wa sabata imodzi mpaka kugula chikwama? Ndalamayo musinthe ma rand mukatigulire kenakake.

Nabanda wa ku 47:
Chanu chija chimanunkha usipa alamu.

Dalitso Zikwama:
Ndili nazo zatsopano, mitundu yonse, orijino za ku UK, K65,000. Inbox.

Che Jafali:
Iwe Dalitso, nambala yako imathera 4?