Kodi wosewera asankhe nthambi ya class yake pa level iti? Ndithandizeni maganizo

Moni nonse apagulu. Ndikulemba malamulo a masewero anga a pa tebulo, awa a madayisi, pensulo ndi pepala, koma ndafika pena pamene mutu waima. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukuyendetsa masewero kwa nthawi yaitali, makamaka amene munayesapo kupanga malamulo anuanu.

Masewero angawa ali ndi ma level 10 basi, ndipo ma class ndi anayi: wankhondo, wamatsenga, wansembe ndi wakuba. Class iliyonse ili ndi nthambi zitatu. Wankhondo atha kukhala wa chishango, woima patsogolo kutchinjiriza anzake, kapena wa uta, wolasa ali patali, kapenanso waukali, uja amangolowa pakati pa adani osalabadira mabala. Tsono nthambiyo asankhe liti? Tsiku loyamba polemba pepala lake, kapena ayambe wasewera kaye ngati wankhondo wamba?

Ndayang'ana mmene ena anachitira, koma sagwirizana. Mu Dungeons & Dragons (D&D) ya 2014, Cleric, Sorcerer ndi Warlock ankasankha pa level 1, Druid ndi Wizard pa level 2, otsala onse pa level 3. Atakonzanso malamulowo mu 2024, a Wizards of the Coast anawasamutsira onse pa level 3. Pathfinder ya 2019 imasankhitsa ma class ambiri pa level 1 pomwepo, Barbarian ndi Rogue omwe. Shadow of the Demon Lord ya Robert Schwalb, yomwe ili ndi ma level 10 ngati yangayi, imasankhitsa katatu: pa 1, pa 3 ndi pa 7.

Ine mtima wanga uli pa level 3, chifukwa cha obwera kumene. Mtsikana wina amene anali asanagwirepo dayisi ya mbali 20 ndinamupatsa pepala la nthambi zitatu za wankhondo. Analiwerenga, pensulo ili pakamwa, analitembenuza, kenako anandifunsa kuti, "Yabwino ndi iti?" Anatenga ya chishango poti dzina lake linamusangalatsa. Titayamba kusewera, chimene chinamukoma ndi kubisala kuseri kwa thanthwe n'kumaponya mivi, ndipo mphamvu zonse za chishango zinangokhala pa pepalapo osagwira ntchito. Munthu angasankhe bwanji pakati pa zinthu zimene sanazilawe?

Koma pali ziwiri zikundisowetsa mtendere. Choyamba ndi nkhani. Wansembe amapempherera anzake n'kuchira kuyambira tsiku loyamba, ndiye akutumikira mulungu uti ngati sanasankhe? Chachiwiri ndi akale m'masewerowa. Pali mnyamata wina pa tebulo langa amene amabwera atalingalira kale munthu wake yense, mpaka chipsera cha pankhope. Ndikamupatsa wankhondo wamba, nthawi yake ikakwana amangoti "ndikumutema", kuponya dayisi, n'kubwerera pa foni. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ndi amene amakonda masewerowa kuposa tonse.

Inu munachita bwanji?

GM Wakale:
Mphwanga, musawerenge ma level, werengani maulendo amene anthu akhale pa tebulo asanafike posankhapo. Level 3 ya D&D ikumveka ngati patali, koma level 2 imafuna XP (mapointi okwerera level) 300 yokha, level 3 imafuna 900, pomwe level 5 ndi 6,500. Ma level awiri oyambawo anawapanga dala kuti adutse msanga, munthu aphunzire kuponya dayisi ndi kuwerenga pepala lake. Inuyo muli ndi ma level 10 pomwe iwo ali ndi 20, ndiye ngati level iliyonse kwanu imatenga mwezi, level 3 yanu si yofanana ndi yawo ngakhale pang'ono. Kuchedwetsa kwambiri kuli ndi mtengo wake. Mu D&D ya mabokosi ya m'ma 1980 wankhondo ankadikira mpaka level 9 kuti akhale Paladin, Knight kapena Avenger, ndipo mu ya 2008 njira ya paragon, yokhala ngati nthambi ya class, inkabwera pa level 11. Magulu ambiri amene ndawaona amabalalika asanafike kumeneko: wina wasamuka, wina wapeza ntchito ya usiku. Zimene mwavutikira kulemba anthu azione adakali limodzi.

Dayisi20:
Ine ndikutsutsa, achimwene. Ikani pa level 1. Kuchedwetsa sikuchotsa chisankho, kumangochibisa. Taonani D&D ya 2000 ndi ma prestige class ake, ma class apadera olowa pambuyo pake. Ambiri unkalowa cha pa level 6, koma ankafuna kuti ukhale utatenga kale ma feat (mphamvu zapadera zosankha) akutiakuti ndi luso lakutilakuti. Wodziwa ankakonza njira yonse kuyambira level 1, wosadziwa ankafika pakhomo n'kupeza potseka. Kwa inunso zili chomwecho. Wankhondo wa uta amafunika changu cha manja, wa chishango amafunika mphamvu ndi kupirira. Manambala amenewo amawalemba liti? Tsiku loyamba. Ndiye mtsikana ujayo mukanamuuza kuti adikire level 3, koma nambala yaikulu ataiika kale pa mphamvu, uta akanautenga bwanji?

Wolemba funso:
Apo mwandigwira, achimwene. Manambala amalembadi tsiku loyamba, ndipo sasintha msanga.

Nachisale:
Dayisi20 akunena zoona za manambala, koma mankhwala ake si kuunjika zonse pa tsiku loyamba. Ku sekondale timayamba taphunzira zonse, n'kudzasankha maphunziro tikafika Folomu 3 titaona pamene mutu ukugwira. Chofunika n'chakuti ma level awiri oyambawo akhaledi olawitsa. Wankhondo wa level 1 mupatseni kanthu kakang'ono ka nthambi iliyonse: kamodzi pa nkhondo atchinjirize mnzake, kamodzi alase bwino, kamodzi akalipe. Mnyamata wa pa foni uja akhala ndi zochita zitatu m'malo mwa chimodzi, ndipo wobwera kumene adzaona yekha chimene dzanja lake limathamangira. Akafika posankha, muloleni asinthanitse manambala awiri pa pepala lake. Palibe chimene chiwonongeke.

Za wansembe musavutike nazo. Dzina la mulungu wake, kachisi amene anakulira, lumbiro limene anachita, zonsezo alembe tsiku loyamba chifukwa ndi nkhani. Mphamvu zapadera zibwere pambuyo, monga mulunguyo wayamba kumukhulupirira. Ndipo tsiku losankhalo lichitike m'kati mwa nkhani, pakhale mwambo, mkulu wa ansembe amuveke mkanjo anzake akuona. Kungoti "tsegulani tsamba lakuti musankhe" kumazizira.

Mlonda wa Phanga:
Funso limodzi, bwana: kodi mumalola munthu kusakaniza ma class? Ngati mumalola, level 1 ndi yoopsa. Hexblade, nthambi ya Warlock mu D&D, itatuluka mu 2017, Paladin ankangotenga level imodzi ya Warlock, basi wayamba kumenya lupanga ndi nambala ya Charisma (chikoka) m'malo mwa mphamvu. Wizard naye ankatenga level imodzi ya Cleric wa nthambi ya Life n'kuvala zida zolemera zachitsulo. Mphamvu za nthambi zikakhala pa level 1, anthu amangobwera kudzatola n'kumapita. Zikakhala pa level 3, wofuna kutola amalipira ma level atatu, ndipo ambiri amaleka.

Wolemba funso:
Zikomo kwambiri nonse. A Mlonda, kusakaniza ma class kulibe m'masewero angawa, ndiye vuto limenelo silindikhudza. A GM Wakale, kwa ine level imakwera nkhani ikafika pachimake, ndipo zimatenga nthawi ndithu, choncho mwina level 2 ndi imene ikufanana ndi level 3 ya D&D. Maganizo a achemwali a Nachisale ndiwayesa pa wankhondo ndi wansembe. Koma wamatsenga akundivutabe. Nthambi zake ndi moto, chinyengo cha maso ndi kuitana mizimu. Ndikamulawitsa zonse zitatu pa level 1, ndiye kuti posankha ndikumulanda ziwiri, ndipo anthu sakondwa kulandidwa chimene anali nacho. Kodi zolawitsazo azikhala nazobe mpaka level 10, kapena zichoke?

Nachisale:
Azikhala nazobe, achimwene, koma zisakule. Wa moto akafika level 7 akutentha mudzi wonse wa adani, kachinyengo kake kakhale komwe kaja ka pa level 1, kongokwanira kupusitsa mlonda mmodzi pa chipata. Muyese kaye ndi gulu lanu, mudzatiuze ngati wa mizimu sakuposa anzakewo, chifukwa woitana zinthu amakhala ndi nthawi ziwiri zosewera pamene ena ali ndi imodzi.