Mikuyu yanga yasanduka nkhono mu database

Wa herbarium (kosungira zomera zouma za kafukufuku): Anzanga thandizeni, mutu waima. Ndikukonza mndandanda wa zomera za ku Chongwe ndi Kafue kuti upite ku GBIF (database ya pa intaneti ya zamoyo za padziko lonse) Lachisanu. Ndaponya mayina mu species matching (chida cha GBIF chofananitsa mayina), ma specimen olembedwa "Ficus sp." abwera pansi pa Mollusca, gulu la nkhono. Nkhono za m'nyanja yamchere kuno ku Zambia? Morus (mabulosi) nayo yabwera ngati mbalame. Mizere ndi yambirimbiri, umodziumodzi sindimaliza.

Mphunzitsi wa taxonomy (sayansi ya mayina ndi magulu a zamoyo): Mayi, makina sanalakwe. Pakatchulidwe ka mayina, zomera zili ndi malamulo ake a ICN, nyama ICZN, mabakiteriya ICNP. Wotcha dzina la nkhono sakakamizidwa kuona za zomera. Ficus L. ndi mkuyu, Ficus Röding, 1798 ndi nkhono. Lembani author (amene anatcha dzinalo, monga L. kapena Röding) pa dzina lililonse, basi.

Wa mbalame: Ife zinatigwera ndi Oenanthe pileata, kambalame kamene timakaona m'malo opsa nthawi yachilimwe. Wina anadula dzinalo n'kusiya Oenanthe yokha, lipoti linatuluka likunena chomera cha m'madzi. Tinadziwa litapita kale kwa opereka ndalama. Manyazi ake!

Wa labu: Kwathu n'chimodzimodzi. Bakiteriya Proteus wa mu mkodzo ali ndi mnzake Proteus anguinus, kanyama ka m'mapanga a ku Slovenia. Bacillus, bakiteriya wina, nayenso ndi dzina la tizilombo tooneka ngati kamtengo.

Wa herbarium: Aphunzitsi, ma label akalewa ambiri alibe author. Ndikamutenga kuti?

Wa data: Asisi, onjezani column ya kingdom (gulu lalikulu la zamoyo), lembani Plantae (zomera) mizere yonse, ndi family ngati ilipo, kenako ponyaninso. Koma musachite find and replace pa faelo yonse, ndipo yoyambayo isungeni padera. VLOOKUP ya mu Excel pa dzina lokha musayerekeze, imatola loyamba limene yapeza.

Mphunzitsi wa taxonomy: Kingdom n'chigamba chabe. Ena akakopera mayina okha, vuto labwerera. Ndipo musaganize kuti dzina lathunthu likupulumutsani: Ficus variegata ndi mtengo wa Blume komanso nkhono ya Röding. Agathis montana ndi mtengo wa ku New Caledonia komanso mavu. Author, amayi.

Wa data: Bambo, Lachisanu lili pafupi. Author wongoganizira ndi woopsa kuposa malo opanda kanthu.

Mphunzitsi wa taxonomy: Sindinati aganizire. Atsegule IPNI, mndandanda wa pa intaneti wa mayina a zomera ndi ma author ake. Ana asukulu athu akuzolowera kulemba dzina lopanda mwini wake chifukwa ife akuluakulu tikulekerera.

Wa mbalame: Pa nkhani yomweyo, alipo amene ali ndi mndandanda watsopano wa mbalame za ku paki ya Lochinvar?