Kope lija sindinaliwotche

Mu Epulo ndinafunsa ngati ndiwotche kope lomwe ndimalembamo zakukhosi kwanga, poopa kuti amayi angadziwe kuti ine, mnyamata wa zaka 17, ndimakonda anyamata anzanga. Ambiri munati ndilisunge. Lilipo.

Likukhala kwa agogo ena oyandikana nafe kuno ku Ndirande, mphunzitsi wopuma pantchito amene ndimawatungira madzi. Tsiku lina tikusenda mbatata pakhonde ndinangowapatsa, manja akunjenjemera. Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi aja n'kuwerenga mpaka tiyi anazizira. Kenako anati, "Mdzukulu wanga, ndakumva. Koma ndime yachitatuyi wathamanga, ukaibwereze."

Ndinalira kwambiri.

Sanandibisire kuti zinthu n'zovuta: lamulo loletsa amuna kugonana okhaokha likadali lomwe lija la zaka zofika 14 kundende, ndipo mu Juni 2024 khoti kuno ku Blantyre linakana kulichotsa. N'chifukwa chake kopelo amalitsekera m'sutikesi mwawo, pansi pa zitenje.

Loweruka lililonse ndimakalemba tsamba limodzi, iwo n'kumachonga ndi cholembera chofiira. Amayi sindinawauzebe. Agogo akuti ndiyambe ndalemba mayeso a MSCE, ndipo tsiku lowauzalo adzakhala pambali panga.