Mnyamata wabwera ndi kaufa kosadziwika ku training, ndipange bwanji?

Kochi wa mpira, Chinamwali: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Dzulo mnyamata wanga wa zaka 16 anangoti khwatha pakati pa training akuti mtima ukugunda kwambiri, manja akunjenjemera, nditamufunsitsa mpomwe anatulutsa kajumbo ka ufa woyera kopanda ndi dzina lomwe, akuti anamugaira mkulu wina wonyamula zitsulo kuti thupi lidzadze msanga ndiye anathira mu energy drink nkumwa m'mimba mulibe kanthu. Anzake atatu akumwanso. Ndiwachotse mu timu?

Mphunzitsi wa masewera, Domasi: Ayi bwana musawachotse, azingomwera kuseri ndiye simudzadziwanso. Landani kajumboko, kaonaneni ndi makolo, mwanayo apite kuchipatala akamuone mtima, ufawo mutenge konko.

Kochi wa netiboli, Matawale: Achimwene mwamufunsa kuti anadya chani tsiku limenelo? Anga ambiri amaweruka kusukulu nkubwera pagraundi atangodya kachigumu kamodzi, akafooka amaganiza kuti akusowa mankhwala pomwe ndi njala. Dzira limodzi lili ndi protein pafupifupi magalamu 6, onjezani matemba a ku Chilwa, nyemba, soya pieces, phala lotendera, zonsezi zili pa msika wa Mpondabwino pompa ndipo mukudziwa chomwe mwana wameza. Kwa atsikana ine chimandidetsa nkhawa ndi kuchepa magazi, amene akutopa msanga ndimamutumiza kokayezetsa, mapiritsi a iron apereke adokotala osati ife. Tiyi asamamwe pamodzi ndi chakudya, amatchinga iron, bola gwafa kapena malambe.

Wophunzitsa othamanga, Sadzi: Energy drink-yo musayichepetse, kachitini ka Red Bull ka 250ml kali ndi caffeine 80mg, ufawo mwina ulinso ndi yake, mtima ungalekerenji kuthamanga. Komanso auzeni za WADA, bungwe loona za mankhwala oletsedwa pamasewera padziko lonse, mndandanda watsopano wa zoletsedwa umayamba kugwira ntchito pa 1 January chaka chilichonse ndipo chikapezeka mu mkodzo mlandu ndi wa wosewerayo, zoti sindimadziwa sizimupulumutsa. Ena mwa anawa tikuwafunira timu ya dziko.

Kochi wa mpira, Chinamwali: Amayi a ku Matawale, mwanayo ndamufunsa, akuti kuchoka m'mawa anangomwa tiyi wopanda chomwera. Zandikhudza kwambiri. Mawa ndipita naye kuchipatala pamodzi ndi mayi ake, Loweruka ndaitana makolo onse tikambirane zoti aliyense azibwera ndi kamba, kaya mbatata, nthochi kapena botolo la thobwa. Amayi a ku Matawale mungabwere mudzawalankhule?

Kochi wa netiboli, Matawale: Ndibwera, mundiuze nthawi.