Ndalama za chaka chino: tenti, makompyuta kapena ana otsala?

Abanda (Wapampando): Mwaswera bwanji nonse a kwathu, a m'tauni muno ndi a kunja komwe. Nkhani ija tinaisiya m'malere ku Chirimba, ya mmene ndalama za gulu lathu zithandizire sukulu ya kwathu chaka chino, tiikambirane pompano, chifukwa ahedi a CDSS yathu akufuna yankho teremu isanathe. Anaphiri, yambani ndinu. M'thumba muli zingati?

Anaphiri (Msungichuma): Zikomo apampando. Za pa Mpamba, za pa Airtel Money ndi zimene anatumiza abale a ku Joni, zonse pamodzi zakwana K4,200,000. Alipo ena sanasonkhe chiyambire Epulo. Mayina sinditchula lero, eni ake akudzidziwa.

Angozo (Joni): Ine maganizo anga ndi omwe aja. Mtsikana wathu wakhoza ndi mapointi 13, wasankhidwa kupita ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, mwana wa pa CDSS ya kumudzi, woyenda wapansi kuwoloka dambo m'mawa uliwonse. Zimenezi si zongodutsa mwakachetechete. Tikhome tenti, tibwereke zokuzira mawu, tiitane mafumu ndi a MP, mwanayo timupatse laputopu anzake akuona. Ana a Fomu 1 akaona zimenezo mitima idzawatentha. Zotsala tigule makompyuta, kuno ndawapeza a kaunjika koma abwinobwino.

Aphunzitsi Opuma: Angozo, mwanayo watinyaditsa, ndipo mayi ake anadutsa m'manja mwanga momwemu. Koma ndifunseko za anzake amene ankakhala naye pa desiki limodzi. Fomu 4 ya chaka chatha inali yodzaza makalasi awiri. Amene mayina awo anatuluka pa mndandanda wa NCHE, bungwe loona za masankho a ku mayunivesite a boma, sakukwana zala za dzanja limodzi. Enawo ali kuti? Ine ndimawaona. Anyamata ali pa siteji ya Lunzu ndi njinga zamoto za eni ake, atsikana ena ali pa msika, ena tamva kale za zinkhoswe. Ambiri mwa iwo satifiketi ya MSCE ali nayo, sanalephere. Kungoti kuti ulowe yunivesite ya boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo ngakhale uwapeze malo ndi ochepa. Tenti yanuyo idzawauza chiyani amenewa?

Angozo (Joni): Idzawauza kuti akanalimbikira, aphunzitsi.

Aphunzitsi Opuma: Kulimbikira analimbikira. Musaiwale kumene sukulu yathuyi inachokera. Inali ya MCDE, koleji ya maphunziro a patali, ana kumadziwerengera okha mabuku a makalata, ndipo inasanduka CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, boma litaona chikhamu cha ana amene analowa pulayimale yaulere mu 1994 chikubwera. Dzina linasintha, koma labu sinabwere nalo limodzi. Ine ndaphunzitsapo sayansi pojambula botolo ndi choko pa bolodi, n'kumauza ana kuti aganize kuti madzi asanduka ofiira. Mwana wotero akukapikisana pa pepala limodzi la MANEB ndi wa ku sekondale yogonera yomwe ili ndi zonse. Ndiye tisamafulumire kunena kuti ndi ulesi.

Nachisale (MUBAS): Ndilankhuleko, makolo, ngakhale ndine wamng'ono pagulu pano. Ine ndinachokera pa sukulu yomweyo ndipo tsopano ndili chaka chachitatu. Chimene chinatsala pang'ono kundigwetsa si mayeso ayi, koma fomu ya NCHE. Kunalibe wotiuza kuti maphunziro aliwonse ali ndi zofunika zake. Mnzanga wina anali ndi mapointi 24, n'kulemba udokotala, zamalamulo ndi uinjiniya basi, chifukwa ntchito zimene ankazidziwa n'zomwezo. Masamu anali ndi 7. Sanatengedwe kulikonse, chonsecho kunali maphunziro ena ku LUANAR kapena ku Mzuni amene akanayesako mwayi. Lero akugulitsa mayunitsi. Za ngongole ya ophunzira, ija imachokera ku bungwe limene boma linakhazikitsa mu 2015, ine ndinazimva nditafika kale ku Chichiri. Amayi anali atagulitsa kale mbuzi.

Amalume a ku Machinjiri: Koma Maule dzulo munaona? 

Abanda (Wapampando): Amalume, za mpira kuli gulu lake. Chonde.

Amalume a ku Machinjiri: Pepani, ndinasokoneza magulu. Pitirizani.

Ambewe (Ndirande): Ine sukulu ndinalekera Fomu 2, ndiye za mapointi ndingomvera. Koma ndawotcherera zitsulo pa Ndirande pano mpaka ndamanga nyumba, ana anga awiri ndawaphunzitsa ndi mageti ndi mafelemu a mawindo. Chimandipweteka ndi ichi: mwana akalemba MSCE amakhala miyezi yambirimbiri kudikira zotsatira, zikatuluka n'kudikiranso masankho. Nthawi imeneyo ndi imene timawataya. Bwanji ife eni ake tiwatenge? Pagulu pano pali amakanika, atelala, a zamagetsi, mayi wa saluni ku Limbe, anamwino, wina ali ku banki. Aliyense atenge mwana mmodzi kapena awiri kwa miyezi itatu, aone ntchito ndi maso, agwire ndi manja. Ine anyamata awiri ndiwalandira. Gulu lingowalipirira minibasi ndi ka chakudya ka masana.

Mayi a Tadala: Anyamata okha bwanji, achimwene?

Ambewe (Ndirande): Ndi mmene ndinazolowerera, achemwali. Akapezeka mtsikana wosaopa moto abwere. Koma gulu ligule magalasi enieni a kuwotcherera, osati a dzuwa a pa msika aja. Amene sanawotcherepo sadziwa. Masana umaseka bwinobwino, koma pofika pakati pa usiku maso amachita ngati wina wathiramo mchenga, misozi ili mbwembwembwe, kutsegula osatheka. Mwana wa mwini sindingamubweze kwa mayi ake ali choncho.

Angozo (Joni): Ndiye tikusonkha ndalama kuti ana athu akhale owotcherera? Ife tikuvutika kuno kuti iwo adzakhale m'maofesi. Dziko lapita pa kompyuta, abale. Mwana wosadziwa kutsegula imelo ngakhale ntchito ya ulonda akumukana masiku ano.

Ambewe (Ndirande): Angozo, inu ku Joniko mukugwira ntchito ya mu ofesi?

Angozo (Joni): Zimenezo n'zina.

Anaphiri (Msungichuma): Tisatukwanizane. Ine ndingonena za ndalama. Mtengo wa makompyuta umene Angozo anatipatsa poyamba unali wa kale, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Lero ndi nkhani ina, ndipo simunawerengere zonyamulira ndi msonkho pa Mwanza. Akafika, chipinda chake chifunika zitsulo m'mawindo, chitseko cholimba, mawaya atsopano, mlonda wa usiku, ndi mayunitsi a magetsi mwezi ndi mwezi. Walira mvula walira matope. Ndani adzalipire mlonda chaka chamawa? Ndipo tenti, mipando, zokuzira mawu, mpunga wa alendo ndi mafuta a galimoto za olemekezeka, mukaphatikiza mupeza kuti theka la thumba latha tsiku limodzi, dzuwa lisanalowe.

Nachisale (MUBAS): Komabe Angozo sakunama pa za kompyuta. Ine tsiku loyamba ku koleji anatiuza kuti ntchito tizitumiza pa intaneti, ndinangoti kakasi. Mausi ndinkaigwira ndi manja awiri. Koma sipakufunika makompyuta khumi kuti izi zitheke. Awiri okha, okhala mu ofesi ya ahedi momwe muli kale zitsulo, akwanira kuti mwana aliyense wa Fomu 4 atsegule imelo, alembe kalata yofunsira ntchito, ndi kudzaza mafomu pomwepo m'malo mokwera kabaza kupita pa Lunzu. Ife amene tili ku MUBAS, ku UNIMA ndi ku MUST tikhoza kumabwera pa holide kudzawathandiza. Sitifuna malipiro, thiransipoti yokha.

Aphunzitsi Opuma: Mwanawe wanena zomveka. Ndiwonjezere za luso, chifukwa Angozo akuziona ngati zonyozeka. TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso, ilipo chiyambire 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya ndalama za malipiro kuti maphunziro a ntchito zamanja aziyenda. Soche Technical ili mu Blantyre momwemuno, Nasawa ili ku Zomba, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a luso a m'madera. Koma funsani ana a Fomu 4 kwathu kuti mafomu ake amatuluka liti, muona akuyang'anana. Mwana amene wakhala miyezi itatu kwa Ambewe kapena kwa makanika, akakafunsira malo kumeneko amapita akudziwa chimene akufuna. Akamaliza ali ndi pepala, mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba sangamutenge ngati waganyu wamba. Ndipo wina akapita kukaona ntchito ya unamwino n'kukomoka ataona magazi, ndi bwino adziwiretu asanawononge zaka.

Mayi a Tadala: Zonsezi n'zabwino, koma ine ndili ndi mafunso awiri ndipo ndikufuna mayankho, osati kuseka. Loyamba: mtsikana wa zaka 18 tikumuchotsa kwa amake, kumukweza minibasi m'mawa uliwonse kupita m'tauni kukakhala tsiku lonse ndi bwana wamwamuna. Akuyang'anira ndani? Si mabwana onse amene manja awo ndi okhazikika, tisanamizane ngati ana. Tikhoza kufuna kukonza n'kupezeka tabweretsa mimba zimene timathawa zija. Lachiwiri: inu mukukamba za ana omaliza Fomu 4, koma atsikana ambiri safika n'komwe. Chimbudzi chawo chinatitimira ndi mvula ya Freddy mu Malichi 2023, mpaka lero akugwiritsa ntchito chimodzi chopanda chitseko, chotchinga ndi chiguduli. Mwana akakhala kumwezi amangokhala kunyumba. Ife a gulu la amayi a pa sukulu timasoka nsalu zowathandiza, koma akasinthire kuti?

Mlembi: Funso loyambalo ndi lalikulu. Lamulo la ntchito la dziko lino limaletsa mwana wosakwana zaka 18 kugwira ntchito zoopsa, ndiye kuwotcherera ndi zamagetsi zikhale za okhawo amene akwanitsa. Ndikuganiza kuti pakhale kalata yosayina kholo, mwanayo ndi womulandira. Atsikana apite kwa amayi anzathu, kapena akhale awiriawiri, ndipo aziweruka dzuwa likadalipo. Mayi a Tadala, inuyo mukhale woyendera, muzingotulukira osachenjeza.

Mayi a Tadala: Kuyendera ndiyendera. Nanga chimbudzi?

Abanda (Wapampando): Chimbudzi ndi ntchito ya CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu, mayi. Tinalemba kale kalata kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'dera.

Mayi a Tadala: Kalata imeneyo yadya nsima ya zaka ziwiri. Ana akudikirabe kuseri kwa chiguduli.

Amalume a ku Machinjiri: Apa mayiwa akunena zoona. Njerwa anthu a kumudzi akhoza kuumba okha, mchenga uli pa dambo pomwepo. Ife tingogula simenti, malata ndi zitseko. Mmisiri ndine, sindilipiritsa. Mundiphikire nsima basi.

Angozo (Joni): Ndiye mwana wakhoza uja mwamuiwala? Akapite ku koleji ndi jumbo m'manja? Mawa mudzadabwa akadzakhala dokotala osabweranso kumudzi.

Aphunzitsi Opuma: Sitinamuiwale, Angozo. Timuyamikire pa asembule Lolemba m'mawa, ana onse ali pa mzere, mafumu ndi makolo ake alipo. Sipafunika tenti, mtengo wa mango uja ukadalipo. Ndipo tisayamikire wa mapointi yekha. Kuli kamnyamata kena ka Fomu 3 kamene kanakonza pampu ya mjigo wa pa sukulu ndi zitsulo zotola, ahedi anandiuza. Kuli atsikana a netiboli amene anafika patali m'mipikisano ya zoni opanda ngakhale yunifolomu. Ameneyonso amve dzina lake likutchulidwa.

Anaphiri (Msungichuma): Ndiyese kugawa, mundikonze. K1,500,000 ya thiransipoti, chakudya ndi zodzitetezera za ana opita kukaphunzira ntchito, tiyambe ndi khumi ndi awiri tione mmene ziyendere. K1,200,000 ya simenti, malata ndi zitseko za chimbudzi. K1,000,000 ya makompyuta awiri, ogula konkuno kuti akavuta tidziwe kokabweza. K300,000 ya mphoto. Yotsalayo ikhale m'thumba. Ndipo ndalama ya mwana sindipereka kwa bwana wake, ndizitumiza pa foni ya kholo Lachisanu lililonse. Aliyense wogula kanthu abweretse lisiti, ngakhale la misomali.

Ambewe (Ndirande): Ana khumi ndi awiriwo asankha ndani? Tisadzaone ali ana a m'komiti okhaokha.

Mlembi: Asankhe aphunzitsi a Fomu 4 pamodzi ndi gulu la amayi, ife tisalowererepo. Mwana wa membala wa komiti asakhalepo chaka choyamba.

Angozo (Joni): Ine sindinakhutire, ndinene poyera. K300,000 laputopu simugula. Koma poti mwagwirizana, laputopu ya mtsikanayo ndigula ndekha, ndipatsira wa basi ya Lachinayi. Ndipo mulembe m'mabuku kuti chaka chamawa nkhani ya chipinda cha makompyuta ndidzaibweretsanso.

Abanda (Wapampando): Zalembedwa, Angozo, ndipo tathokoza. Koma pano sitinavote, ambiri angowerenga osayankha. Tikumane Loweruka 2 koloko ku Chirimba komwe kuja, a kunja mudzavota pa foni. Amene mungalandire mwana, tumizani dzina ndi mtundu wa ntchito kwa mlembi lisanafike Lachisanu. Aphunzitsi ndi Mayi a Tadala, mupite mukaonane ndi ahedi ndi a PTA, mukamve ngati iwo akuvomereza, tisawapangire zinthu ngati alibe pakamwa.

Mayi a Tadala: Tipita Lachitatu. Amalume, mutiperekeze ndi tepi yanu mukayezeretu malo, kuti Loweruka tidzabwere ndi chiwerengero cha matumba a simenti.

Amalume a ku Machinjiri: Mundipeza pa siteji ya Lunzu 8 koloko. Wina anditumizireko ya minibasi.