Za kuphunzitsa Chizungu ku Asia zija, nazi pomwe zafika

Abale, paja ndinafunsa ngati munthu wa pasipoti ya Malawi angapeze ntchito yophunzitsa Chizungu ku Asia, ndiye ndati ndikuuzeni momwe zayendera. Ku South Korea zinakanika, viza yawo ya aphunzitsi a Chizungu, yotchedwa E-2, amapereka kwa anthu a maiko ochepa ngati UK, America ndi South Africa, ife mulibemo olo utakhala ndi digiri yabwino bwanji, zinandiwawa kwambiri.

Koma ku Thailand zatheka, pano ndili pa sukulu ina ya boma kumpoto chakummawa. Anafuna digiri, satifiketi ya TEFL (kosi yophunzira kaphunzitsidwe ka Chizungu) ya maola 120, komanso mayeso a Chizungu otchedwa TOEIC poti amatiwerengera kuti Chizungu si chiyankhulo chathu, kenako viza ya Non-B (ya obwera kudzagwira ntchito) ndi work permit (chilolezo chogwirira ntchito). Chaka cha sukulu chimayamba mu May ndiye amene mukufuna yambani kufunsira msanga.

Anawo ndi aulemu zedi koma amanyazi, galamala amaidziwa papepala koma kuti atsegule pakamwa ndi nkhondo, amaopa kusekedwa ndi anzawo. Ndimawamvetsa ine, nafenso Chizungu tinachita kuphunzira mkalasi, ndiye ndimawaika awiriawiri azicheza kaye ndisanawaimitse kutsogolo. Malipiro okha ndi otsikirapo poyerekeza ndi a azungu, pomwe ntchito ndi imodzimodzi.